Kagulidwe ka magemu a pa kompyuta masiku ano makampani owapanga akugwa

M'dirowa yapansi pa shopu yanga yokonza makompyuta ku Limbe muli hard drive imene ndinaikulunga m'sokosi yakale. Anyamata amene amabwera kudzakonzetsa malaputopu amandiseka nayo, ati ndimaisunga ngati chithumwa. Muli magemu amene ndinagula ndi ndalama zanga, ndipo onse amalowa pa kompyuta ndi kuseweredwa popanda intaneti, kaya kampani imene inawapanga ikadalipo kaya inatseka kalekale.

Nzeru imeneyi ndinaiphunzira nditapsa. M'chaka cha 2022 ndinalipira madola 30 pa gemu ina imene eni ake ankati sinathe koma itha posachedwa. Dzina sinditchula. Unkamanga mudzi m'mbali mwa mtsinje, ndipo kutsidya kunali chigwa chokongola chimene ankati adzatsegula chaka chotsatira. Anaikonzako katatu, kenako zii. Patapita miyezi ndinamva kuti kampaniyo yachotsa antchito onse. Mpaka lero ndikaitsegula, mlatho wopita kuchigwako umathera pakati pa madzi, ndipo kamunthu kanga kamangoima pamenepo n'kumayang'ana kutsidya.

Musanatulutse khadi la banki, dziwani kaye mmene zinthu zilili kwa opanga magemu, chifukwa n'zimene zimakuuzani pamene pali dzenje. M'nyengo ya Covid anthu anatsekeredwa m'nyumba ndipo magemu anagulidwa ngati mandasi otentha. Ngongole ku America ndi ku Ulaya zinali zotchipa, makampani akuluakulu anayamba kumeza ang'onoang'ono ndi kulemba antchito mwaunyinji. Anthu atabwerera kuntchito, chiwongoladzanja chitakwera, zinaonekeratu kuti mphika wakula kuposa ufa. Embracer Group ya ku Sweden, imene inagula makampani ambirimbiri, inkadalira mgwirizano wa madola 2 biliyoni umene unalephereka mu May 2023. Pofika August inatseka Volition, opanga Saints Row, amene anali atakhala pa ntchitoyi zaka 30, ndipo mu December inatsekanso Free Radical Design ya ku Nottingham. Microsoft inamaliza kugula Activision Blizzard pa mtengo wa pafupifupi madola 69 biliyoni mu October 2023, ndipo mu January 2024 inachotsa ntchito anthu 1,900 a mbali ya magemu. Mu May inalengeza zotseka Tango Gameworks ya ku Tokyo, imene mu 2023 inatulutsa Hi-Fi Rush, gemu imene aliyense ankaiyamikira. Mwayi wake Krafton ya ku South Korea inadzaitola. Chimene ndinatolapo ine n'chakuti kupanga gemu yabwino sikupulumutsa kampani, ndiye dzina lotchuka si chikole choti mungadalire.

Funso loyamba limene ndimadzifunsa pa gemu iliyonse ndi ili: seva yawo, kompyuta ya kampani imene gemu imalumikizana nayo pa intaneti, ikazimitsidwa, ineyo nditsala ndi chiyani? Taonani zimene zinachitika ndi The Crew ya Ubisoft, gemu ya mpikisano wa magalimoto imene inatuluka mu 2014. Ngakhale wosewera yekha ankayenera kulumikizidwa ku seva. Anasiya kuigulitsa mu December 2023, ndipo kumapeto kwa March 2024 anazimitsa maseva. Onse amene anaigula anatsala ndi chinthu chosatseguka, ngati galimoto yochotsedwa injini. Mkwiyo wake ndi umene unabala kampeni ya Stop Killing Games imene anayambitsa Ross Scott, ndipo mu 2025 anthu oposa 1 miliyoni a m'maiko a European Union anasainira pempho loti pakhale lamulo. Concord ya Sony inafa msanga kuposa pamenepo: inatuluka pa 23 August 2024, pa 6 September n'kuzimitsidwa. Ogula anabwezeredwa ndalama, koma Firewalk Studios imene inaipanga inatsekedwa mu October.

Ndiye mukatsegula tsamba la gemu pa Steam, sitolo yaikulu ya magemu ya pa intaneti, musathamangire vidiyo yotsatsa. Yang'anani kudzanja lamanja. Onani ngati palembedwa Single-player, ndipo pansi pake werengani timabokosi tachikasu timene timanena ngati gemuyo ikufuna akaunti ya kampani ina kapena ili ndi chitetezo chonga Denuvo, chimene chimafuna intaneti nthawi ndi nthawi kuti chitsimikize kuti ndinu mwini wake. Mawu akuti Single-player paokha sakwanira. Lembani dzina la gemuyo pa Google n'kuwonjezera mawu akuti offline, muwerenge zimene osewera anzanu akunena. Kwa ife nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Kuli kugwa kwa kampani, komanso kuli netiweki yathu imene imathawa mvula ikangoyamba kuwaza. Gemu yofuna seva imakufa m'manja kawirikawiri, kampani isanagwe n'komwe.

Chachiwiri, musagule mbereko mwana asanabadwe. Kulipiriratu gemu isanatuluke kunali ndi phindu kale pamene ma CD ankatha m'sitolo. Fayilo ya pa intaneti siitha. Kampani ikamakukakamizani kulipiriratu, nthawi zambiri ikufuna ndalama yanu ilowe anthu asanaone katunduyo. The Day Before inali pakati pa magemu amene anthu ambiri ankawadikirira pa Steam. Inatuluka pa 7 December 2023 ili yosiyana kotheratu ndi zimene ankaonetsa, ndipo patangopita masiku anayi kampani ya Fntastic inalengeza kuti yatseka. Telltale Games inagwa mu September 2018 ili pakati potulutsa zigawo zomaliza za The Walking Dead, anthu atalipiriratu zigawo zonse zinayi. Zikanakhala kuti kampani ya Skybound sinadzamalize, nkhaniyo ikanathera m'malere.

Magemu olembedwa Early Access, ogulitsidwa asanathe kupangidwa, ndi amene amafuna maso kwambiri, ndipo ndi mmene ine ndinagweramo. Sindikuti onse ndi oipa. Baldur's Gate 3 ya Larian Studios ya ku Belgium inakhala m'gulu limeneli pafupifupi zaka zitatu isanatuluke yathunthu mu August 2023, ndipo inatuluka ili chinthu chapamwamba zedi. Koma Kerbal Space Program 2 inalowamo mu February 2023, ndipo mu 2024 Take-Two, kampani imene inali mwini wake, inachotsa gulu limene linkaipanga gemuyo isanathe. Njira yanga ndi iyi. Ndimatsegula mbali ya nkhani za gemuyo n'kuona tsiku limene anaikonzako komaliza. Ndimasiyanitsa malonjezo ndi ntchito: chithunzi cha zimene zikubwera si ntchito, koma mndandanda wa zimene akonza mwezi uno ndi ntchito. Kenako ndimayerekeza ndemanga zaposachedwa, zimene Steam imazilemba kuti Recent Reviews, ndi ndemanga zonse. Zonse zikakhala zabwino koma zaposachedwa zili zofiira, pamenepo pali utsi. Steam yokha masiku ano imaika chenjezo pa gemu ya Early Access imene yatha chaka osakonzedwa. Pomaliza ndimadzifunsa kuti, kampaniyi itatseka mawa, kodi zimene zilipo lerozi zikukwana ndalama imeneyi? Yankho likakhala ayi, ndimatseka tsambalo.

Mukagula, ikani wotchi pambali. Steam imabweza ndalama ngati simunapitirire masiku 14 chigulireni ndipo mwasewera osakwana maola awiri. Maola awiriwo si osangalalira, ndi oyesera. Ine ndimalowa msanga pamalo pamene pali zinthu zambiri, mumzinda kapena pankhondo, n'kumamvetsera fani ya laputopu. Ikayamba kulira ngati chigayo, chithunzi n'kumadukaduka, ndimatuluka. Kenako ndimazimitsa Wi-Fi n'kuitsegulanso kuti ndione ngati idzuka. Chenjerani, nthawi imawerengedwa ngakhale gemuyo itangokhala pa menyu inu mukudya nsima. Mukapempha kubwezeredwa, mumasankha kuti ndalama ibwerere ku khadi kapena ku Steam Wallet, chikwama cha mu akaunti yanu ya Steam. Ine ndimasankha Wallet, chifukwa khadi langa limavuta kulipira zinthu za kunja, mwezi wina limalola, mwezi wina limakana, malinga ndi mmene ndalama zakunja zilili m'dziko muno. Dola imene yadutsa kale sindiibwezanso kumudzi.

Tsopano za sokosi ija. Kuyambira October 2024, Steam imakuuzani poyera polipira kuti chimene mukugula ndi chilolezo chosewerera, osati gemu yeniyeniyo. Zinali choncho kuyambira kale, kungoti lamulo latsopano la ku California linachititsa kuti azinena mosabisa. N'chifukwa chake gemu ikapezeka pa GOG, sitolo yochokera ku Poland imene inayamba mu 2008, ndimagula kumeneko ngakhale mtengo utakwererako pang'ono. Magemu a pa GOG alibe loko, chitetezo chija chofuna kutsimikiza kuti ndinu mwini wake. Mukalowa mu akaunti yanu pa webusaiti yawo, tsegulani gemu imene mwagula, mufufuze pamene palembedwa offline backup game installers. Mupeza fayilo imodzi ya .exe, ndipo gemu ikakhala yaikulu pamakhalanso mafayilo ena a .bin. Dawunilodani onse, muwaike m'foda imodzi, chifukwa likasowa limodzi gemuyo silowa. Lembani tsiku pa dzina la fodayo, kenako ikopereni pa hard drive. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, anatero akuluakulu, wapachala ndi wamphepo.

Za pa Steam nazonso zimasungika, ngakhale zimafunabe akaunti yanu. Pa gemu iliyonse pali Properties, ndipo mmenemo muli posungira mafayilo ake pa disiki ina. Ubwino wake waukulu ndi bandulo. Baldur's Gate 3 imafuna malo okwana 150 GB, ndipo munthu amene anagulapo bandulo ya mwezi kuno akudziwa tanthauzo la nambala imeneyo. Windows ikafa, simufuna kudawunilodanso zonsezo. Komanso musadikire kuti netiweki ithawe kuti muyese Offline Mode. Lowani pa Steam intaneti ilipo, lolani kuti ikumbukire pasiwedi, dikirani gemu imalize kudzikonza, itseguleni kamodzi, kenako sankhani Go Offline. Mukadumpha chimodzi mwa izi, tsiku la mdima idzakuuzani kuti ikufuna kulumikizidwa kaye.

Makina anu muwadziwe. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani dxdiag, muona purosesa, RAM ndi khadi la zithunzi, ndiye muyerekeze ndi zimene zalembedwa pansi pa tsamba la gemu. Malaputopu a kaunjika ambiri amene amadutsa m'manja mwanga ndi a mu ofesi, a RAM ya 8 GB, opanda khadi la zithunzi lapadera. Steam inasiya kupereka thandizo kwa ogwiritsa Windows 7 ndi 8 pa 1 January 2024, ndiye ngati mukadali kumeneko yambani mwakonza zimenezo.

Makina oterowo asakukhumudwitseni, chifukwa kunena zoona moyo wa magemu a pa kompyuta panopa uli mwa opanga ang'onoang'ono. Stardew Valley anaipanga munthu mmodzi, Eric Barone, inatuluka mu 2016, siifika ngakhale 1 GB, ndipo wakhala akuwonjezeramo zinthu kwa zaka zambiri osalipiritsanso. Balatro ya 2024 nayonso ndi ya munthu mmodzi. Hollow Knight: Silksong, ya kagulu kakang'ono ka Team Cherry ku Adelaide, inatuluka mu September 2025 pa madola 20, pamene magemu a makampani akuluakulu amagulitsidwa madola 70. Koma nawonso ali pa moto. M'chaka cha 2023 chokha pa Steam panatuluka magemu oposa 14,000, ambiri osaonedwa ndi munthu, ndipo pa dola iliyonse Valve, mwini wa Steam, imatengapo 30 peresenti. Amene amagulitsa kwambiri ndi amene amachepetseredwa gawolo, wamng'ono amalipira lonse.

Apa ndinenepo za magemu okopera, chifukwa tonse tinakulira pa ma CD a kumsika ndipo sindidzipanga woyera. Chimene ndimaona pa shopu n'chakuti malaputopu ambiri obwera akutentha, fani ikulira usiku wonse, amakhala kuti mwini wake anaikamo gemu yothyoledwa loko, mkati muli kapulogalamu kokumba ndalama za crypto za munthu wina kapena koba mapasiwedi. Ndalama yondilipira ine kuti ndiitsuke imaposa mtengo wa Stardew Valley. Ngati thumba lauma, Epic Games Store imapereka gemu yaulere Lachinayi lililonse madzulo, ndipo mukaitenga imakhala mu akaunti yanu. Mu May 2020 anapereka GTA V mpaka webusaiti yawo inagwa ndi kuchuluka kwa anthu. Simufunika kudawuniloda tsiku lomwelo, ingoitengani, bandulo mudzaipeza.

Zotsalazo ndi kudekha basi. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, sindinagulepo gemu pa mtengo wake wonse. Ndimaiika pa Wishlist, mndandanda wa magemu amene ndikufuna kudzagula, n'kudikira seli yaikulu ya kumapeto kwa June kapena ya nyengo ya Khirisimasi. Pofika nthawiyo mtengo watsika, zolakwika zakonzedwa, ndipo zadziwika ngati kampaniyo ikadali ndi mpweya. Zogwiritsa VPN kuti muoneke ngati muli dziko la mitengo yotsika zisiyeni, malamulo a Steam amaletsa, ndipo mungaike akaunti yonse pachiswe chifukwa cha madola asanu.

Hard drive nayo imafa, makamaka ikagwa ikuzungulira kapena magetsi akabwera mwaukali. Yanga ndimailumikiza kamodzi pa miyezi itatu, ndimasankha gemu imodzi n'kuilowetsa pa laputopu imene ndangomaliza kukonza, kuti ndione ngati mafayilo akadali bwino. Ina yachiwiri, yokhala ndi zomwezo, ili kwa mng'ono wanga ku Zomba, ndipo ndikapitako ndimanyamula yangayi m'thumba la jekete kuti ndikawonjezeremo zatsopano. Gemu ya mlatho ija nayonso ilimo, m'foda imene ndinaitcha "madola 30".