Mverani Kulira kwa Thirakitala Musanaigawe Pakati

Alimi anzanga a ku Bembeke, Lizulu ndi Tsangano, mathirakitala ambiri amene tikulimira kuno ndi nkhalamba. Massey Ferguson 135 anasiya kuipanga m'zaka za m'ma 1970, koma mpaka lero ikukoka ngolo za mbatatesi m'mapiri muno. Zimandiwawa kuona mlimi akulipira makaniko kuti aigawe pakati, kulekanitsa injini ndi giyabokosi, pomwe vuto linali oyilo chabe.

Yambirani pa oyiloyo. Pa 135, giyabokosi, ekiselo yakumbuyo ndi mpope wonyamulira pulawo zimagwiritsa ntchito oyilo mmodzi. Solorani kachitsulo koyezera. Mukaona oyilo watuwa ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Kawirikawiri amalowera pa kamphira kam'munsi mwa ndodo ya giya, kakang'ambika thirakitala n'kumagona pamvula. Kamphirako n'kotchipa, koma dzimbiri lobwera ndi madziwo limadya mabering'i onse. Pokhetsa oyilo gwirani zotsalira pa chotsekera. Fumbi lachitsulo lofewa ngati phulusa lisakuopseni. Tizibenthu tobaya chala ndiye mano a giya amenewo.

Kenako tcherani khutu. Lizani injini, giya ili pa fulii. Ngati kukumveka kulira kwa "hwiii" koma n'kuleka mukaponda kilatchi, bering'i ya shafiti yolowa m'giyabokosi yatha. Phokoso likamabwera pomwe mwaponda, n'kutha mukachotsa phazi, vuto ndi bering'i yokankha kilatchi, ndipo amaipha ndi madalaivala oyenda phazi lili pa chopondera tsiku lonse. Kugogoda kwa "go, go, go" m'giya imodzi yokha ndi dzino lobenthuka. Kulira m'magiya onse, kokwera liwiro likamakwera, kayang'aneni kumbuyo ku difu, magiya ogawira mphamvu ku matayala akumbuyo.

Giya ikamakukuta polowa, musathamangire kunena kuti yafa. Ambiri mwa mathirakitala akalewa safuna kusintha giya akuyenda ngati minibasi. Imani kaye, pondani, dikirani pang'ono. Ikakanabe, akukonzereni kilatchi chifukwa sikulekanitsa bwino.

Chomwe sindifuna muzengereze nacho ndi giya yotuluka yokha. Ndaonapo ena atamanga ndodo ya giya ndi lamba wa chubu kuti isafwamphuke. Chonde lekani! Kasipuling'i kogwira giya kafooka kapena foloko yosunthira yaperepeseka. Tsiku lina idzatuluka pamtsetse ngolo itadzaza matumba, ndipo mabuleki a thirakitala yakale sangaimitse katundu wotere. Imeneyo isatuluke pabwalo mpaka makaniko ataitsegula.