Mmene mungalembere mbiri ya amayi yowerenga pamwambo wowakumbukira

Mbiri zambiri za amayi zimene ndamvapo zikuwerengedwa pamaliro kapena pamwambo wa chikumbutso zimafanana. Anali achikondi, anali opemphera, ankakonda abale ndi alendo. Zoona ndithu, koma mawu amenewa akhoza kunenedwa za mayi aliyense, ndipo amene anakhala nawo amabwerera kwawo osamva kanthu kowakumbutsa munthu amene ankamudziwa. Ngati abale akusankhani kuti mulembe, nazi zimene zinandithandiza polemba ya amayi anga.

Yambani ndi Baibulo lawo. Litseguleni pang'onopang'ono, chifukwa amayi ambiri amasungamo timapepala: kalata ya ubatizo, masiku obadwa a ana, chithunzi chakale. Onani pamene masamba ada chifukwa chogwiridwagwiridwa ndi mavesi amene anadula mzere kunsi kwake. M'Baibulo la amayi anga, Masalimo ndiwo anali atathetheka m'makona. Pakati pake munali pepala la mayina a anthu amene ankawapempherera, ndipo ena mwa mayinawo ife ana sitinkawadziwa n'komwe. Pepala limenelo ndilo linandiuza anthu oti ndikacheze nawo.

Zaka zobadwa, za ukwati ndi zolowa mumpingo muzitsimikize ndi mapepala kapena ndi anthu awiri. Zikamasemphana, zisiyeni. Chaka cholakwika chimachititsa akuluakulu kuyamba kunong'onezana inu mukuwerengabe.

Kenako tulukani m'banjamo. Ife ana timadziwa amayi a kunyumba okha. Zimene ankachita akatuluka pakhomo amazidziwa ndi anzawo a m'gulu la amayi kumpingo, a kwaya, oyandikana nawo nyumba, ndi odwala amene ankawayendera. Musafunse kuti "Amayi anali munthu wotani?" chifukwa yankho lake ndi lomwe lija lakuti anali abwino. Funsani kuti, "Munakumana nawo koyamba kuti? Ndi tsiku liti limene simuliiwala? Ankati chiyani mukawapeza muli pamavuto?" Mukafunsa khalani chete, ngakhale munthuyo atenge nthawi. Nkhani yeniyeni imabwera akamaliza mawu achipepeso. Akalola, jambulani mawu awo pafoni, kuti maso anu akhale pa iwo osati pa kope.

Mwa njira imeneyi ndinamva kwa mayi wina wamasiye kuti pamene mwamuna wake anali m'chipatala, amayi anga ankabwera m'mawa uliwonse kudzatenga zovala za ana n'kukachapa kwawo, osafunsa ngati akufunika. Chiganizo chimodzi chimenecho chinanena zambiri kuposa ndime yonse ya matamando imene ndikanalemba.

Pa Machitidwe a Atumwi 9:36-42 pali chitsanzo cha zimene ndikunenazi. Dorika atamwalira ku Yopa, amasiye sanamufotokozere Petro makhalidwe ake. Anaima pambali pake akulira, n'kumamuonetsa malaya ndi zovala zimene Dorikayo anasoka ali moyo. Inunso onetsani zimene manja a amayi anagwira. Nkhani zitatu zoonekaoneka ndi zokwanira: ina ya chikhulupiriro, ina ya m'banja, ina ya anthu akunja. Zikhoza kusiyana kutalika, ndipo imene ili yamphamvu ipatseni malo ambiri.

Pa za chikhulupiriro samalani kuti mbiri isasanduke ulaliki. Abusa alipo, adzalalikira. Inu nenani zimene munaona: nthawi imene ankadzuka kupemphera, nyimbo imene ankaimba akugwira ntchito, mmene anachitira atataya mwana kapena mwamuna. Vesi limodzi ndi lokwanira, ndipo likhale lawo, lochokera pamasamba akuda aja. Ambiri amathamangira pa Miyambo 31:10-31. Si kulakwa, koma taonani kuti ndime imeneyo yadzaza ndi zochita: mkaziyo amadzuka kusanache, amagula munda, amatambasulira dzanja lake osauka. Ngati amayi anaphunzira kupemphera kwa amayi awo, 2 Timoteo 1:5 ikhoza kukwanira bwino, pamene Paulo akutchula Loisi ndi Yunike, agogo ndi amayi a Timoteo.

Musawasandutse mngelo. Ngati ankakalipa munthu akachedwa kumapemphero, nenani mwaulemu. Anthu adzaseka misozi ili m'maso chifukwa adzawazindikira. Koma mikangano ya m'banja, ngongole ndi tsatanetsatane wa matenda zikhale kunja. Za kudwala chiganizo chimodzi basi. Amene anathandizidwa mwachinsinsi musawatchule dzina musanawapemphe, popeza amayiwo anali ndi chifukwa chosungira chinsinsicho.

Pamene pamavulaza anthu kwambiri ndi pamayina. Mdzukulu mmodzi akaiwalika, kapena mwana amene amayi anamulera ngakhale sanamubereke, bala lake limakhala zaka. Mndandandawo kawerengereni azakhali kapena amalume, ndipo muwafunse mosapita m'mbali kuti, "Kodi alipo amene ndamusiya?" Ngati zidzukulu ndi zambiri, ndi bwino kutchula chiwerengero chokha kusiyana ndi kutchula ena n'kusiya ena.

Mukamaliza, werengani mokweza muli ndi wotchi. Mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri zakwana. Ikapitirira apo, chotsani mawu otamanda poyamba, nkhani zikhale. Pamene lilime lapunthwa, chiganizocho chatalika, chiduleni pawiri. Sindikizani ndi zilembo zikuluzikulu, mizere yotalikirana, chifukwa maso a misozi saona bwino, ndipo musadalire foni, imazima pamene mukuifuna. Ikani chizindikiro pamalo pamene mukudziwa kuti mawu adzakuthawani, kuti mudzapumirepo. Pepala lachiwiri mupatse m'bale wolimba mtima amene aime pafupi nanu, ndipo mugwirizane kale kuti mukamugwira dzanja apitirize ndi iyeyo.

Zimene mwachotsa musataye. Mawu ojambulidwa aja, zithunzi za masamba a Baibulo ndi nkhani zimene sizinapeze malo, zisungeni pamalo awiri osiyana, ndipo pa chilichonse mulembepo dzina la wolankhula ndi tsiku limene munacheza naye. Tumizani kwa abale onse mwambo ukangotha, anthu asanamwazikane.