Mukafika pa loji ku Chipata, pemphani kiyi musanatulutse ndalama

Ine ntchito yanga ndi yogula nshawa ndi soya, ndiye kuyambira mu May mpaka cha mu September moyo wanga ndi wa pamsewu, Petauke, Sinda, Katete, Chipata, nthawi zina mpaka ku Lundazi. Maloji otchipa a mu Chipata ndagonamo ambiri moti kwina alonda amandipatsa moni ndi dzina la mwana wanga woyamba. Sabata yatha mwana wa achemwali anga anabwera kudzapanga intavyu, cha m'ma 22 foni kulira, "amalume ndalipira kale koma m'chipinda mulibe madzi, chitseko sichikiyika, ndipo akuti ndalama sabweza." Ndinamufunsa kuti chipindacho unachiona usanalipire? Zii. Ndiye ndati ndilembe zomwe ndimachita ine, mwina zithandiza wina.

Nkhani imayamba musanakwere basi. Kuchoka ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, ndipo basi ya m'mamawa ndi yomwe imakufikitsani dzuwa likadalipo, ngakhale muime pa Luangwa kugula nsomba zouma. Mukakwera ya masana mufika usiku mutatopa, miyendo itatupa, ndipo munthu wotopa amavomera chilichonse, ngakhale chipinda choyang'anana ndi bala. Masana mungathe kukana n'kupita loji ina. Usiku mulibe mphamvu imeneyo ndipo wa pa risepishoni akudziwa.

Yang'ananinso kalendala. Loweruka lomaliza la February ndi Nc'wala ku Mtenguleni, Angoni a Mpezeni amachoka mbali zonse ndipo tauni yonse imadzaza kuyambira pakati pa sabata. Loweruka lomaliza la August ndi Kulamba ku Mkaika kwa Gawa Undi, kumabwera mafumu ndi anthu awo kuchokera ku Malawi ndi ku Mozambique, Katete ikadzaza anthu amasefukira ku Chipata. Masiku amenewa mtengo umakwera ndipo bukingi ya pakamwa ilibe ntchito. Ine ndinaphunzira movutika chaka china cha Nc'wala. Ndinaimba foni kukadali masabata awiri, mnyamata wa mawu okoma anati "palibe vuto bwana, chipinda chanu chilipo", kufika Lachisanu madzulo ndinapeza mtsikana wina amene sanamvepo za ine, anatsegula buku, kutembenuza mapeji uku akunyambita chala, dzina langa mulibe. Mnyamata uja akuti ali off. Ndinagona m'galimoto ya mnzanga pa filling station, mutu pa thumba la masaka opanda kanthu.

Chichokereni tsiku limenelo ndikaimba ndimafunsa dzina la amene ndikulankhula naye, kenako ndimamuuza anditumizire meseji pa WhatsApp yonena tsiku, mtengo ndi mtundu wa chipinda. Akafuna dipoziti pa Airtel Money kapena MoMo, musanaike PIN werengani dzina lomwe latuluka pa foni, ngati ndi dzina la munthu osati la loji funsani kuti ameneyu ndi ndani, ndi eni ake kapena ndi wantchito. Maloji ang'onoang'ono ambiri amagwiritsadi nambala ya eni ake, si zachilendo, koma meseji ya malipiro ija musaifufute mpaka mutatuluka pa geti tsiku lobwerera.

Pa siteshoni anyamata a taxi ndi a njinga zamoto adzakuthamangirani, aliyense ali ndi "loji yabwino yotchipa" yomwe akuidziwa. Ena ndi oona mtima, ena amalandira kangachepe akabweretsa kasitomala, ndipo kangachepeko kamachoka m'thumba mwanu. Gwirizanani mtengo musanakwere ndipo muuzeni adikire panja mpaka mutaona chipinda. Za dera sindichulutsa, pafupi ndi msika wa Kapata mumakhala pafupi ndi chilichonse koma phokoso limayamba kusanache, mbali ya Kalongwezi ndi kwa phee koma usiku mudzafuna taxi ngakhale pokagula madzi akumwa.

Manje mwafika pa risepishoni. Perekani moni, osangofika n'kuti "room how much" ngati mukugula tomato. "Mwachoma bwanji amai", kapena asisi ngati ndi wamng'ono, dikirani ayankhe. Anthu awa amagwira maola ambiri pa malipiro ochepa ndipo tsiku lonse amakumana ndi anthu owakalipira, ndiye amene wawalemekeza amamukumbukira. Ndi iwo amene akudziwa kuti nambala 4 giza yake inapsa, nambala 7 ili pafupi ndi jenseti, nambala 9 ndi yomwe eni ake amaikamo alendo awo. Sadzakuuzani poyera abwana ali pomwepo, koma mukafunsa mwaulemu kuti "inuyo mukanagona iti?" nthawi zambiri amaseka n'kusintha kiyi yomwe anali atatenga kale.

Funsani mtengo, ndipo funsaninso kuti mtengowo ndi wonse kapena pali zoonjezera. Malo olembetsedwa bwino pa bilu pamatha kubwera VAT ya 16 peresenti, tourism levy ya 1.5 peresenti ndi service charge, ena amaziphatikiza kale mu mtengo, ena amazitulutsa m'mawa mukupereka kiyi, K400 ija yasanduka ina. Funsani ngati chipinda chili self-contained kapena toileti ndi bafa ndi za onse kumapeto kwa khonde. Funsani ngati mtengo ndi wa munthu mmodzi kapena awiri. Abale ochokera ku Mchinji ndi Lilongwe, boda ya Mwami ili pafupi kwambiri ndipo ndalama zonse ziwiri dzina lake ndi kwacha, ndinaonapo bambo wina atasangalala kuti loji ndi yotchipa zedi mpaka pomwe anamuuza kuti ayi atate, tikunena kwacha ya kuno.

Akatchula mtengo, nenani mawu awa: "ndingaone kaye chipinda?" Loji yomwe ilibe chobisa sikana. Akayamba zoti kiyi ili ndi wina, kapena lipirani kaye ndiye tikuonetseni, nyamulani chikwama, taxi ija ikadali panja.

M'chipindamo ine ndimayambira ku bafa osati pa bedi. Tsegulani mpopi muusiye uthire kwa kanthawi, chifukwa paipi imatha kusunga timadzi tochepa tomwe timatuluka mwamphamvu masekondi asanu kenako n'kuyamba kutsokomola. Gujumulani toileti mumve ngati thanki ikudzazanso. Mukaona baketi yaikulu yodzaza madzi pakona ndi kakapu koyandama pamwamba, imeneyo ndi kalata yochokera kwa eni loji, ikukuuzani kuti madzi kuno amabwera akafuna. Si chifukwa chothawira, ine ndagona bwinobwino malo otero, koma mtengo wake usakhale wa shawa yotentha. Za madzi otentha funsani mwachindunji: giza ikugwira, ndi ya sola, kapena amawiritsa pa mbaula n'kubweretsa pa khomo? Mu October Chipata imatentha moti madzi ozizira ndi mdalitso, koma mu June ndi July m'mawa kumazizira zoopsa pakati pa mapiri aja, ndipo kusamba madzi a mu thanki 05 koloko ndi chilango.

Kenako bedi. Musachite manyazi, kwezani shiti pakona ya kumutu muone msoko wa matiresi. Timadontho takuda ngati wina anagwedeza bolopeni, kapena timagazi touma pa shiti, ndi nsikidzi zimenezo. Masana simuziona, zimabisala m'misoko ndi m'ming'alu ya thabwa la kumutu kwa bedi, zimatuluka mukazimitsa laiti. Ndinagonapo pena pake pomwe chipinda chinali choyera, matailosi akuwala, sopo wamng'ono ndi thaulo atazipinda ngati duwa pa bedi, cha m'ma 01 ndinadzuka khosi lonse likuyabwa, kuyatsa tochi ya foni ndinaziona zikuyenda pa pilo mondondozana ngati ana a sukulu. Ndinakhala pa mpando wa pulasitiki mpaka kucha, ndipo choipa kwambiri zina zinalowa m'chikwama n'kufika nazo kunyumba, amai a kunyumba sanandilankhule bwino sabata yathunthu. Nchifukwa chake mpaka lero chikwama sindiika pa bedi, chimakhala pa tebulo kapena pa mpando.

Masulani neti muitambasule, osangoiona ili yomangidwa m'mwamba. Kuno malungo si nkhani yoseka makamaka nthawi ya mvula, ndipo neti ya bowo lolowa chibakera ndi msampha, udzudzu umalowa koma kutuluka ayi. Yatsani fani. Ikani chaja mu soketi muone ngati foni ikulandira, maloji ena soketi yogwira ndi imodzi yokha ndipo ndi yomwe pali TV. Pomaliza chitseko: kiyani muli mkati, kankhani, onani ngati pali bawuti yotsekera mkati yomwe wa kiyi ina sangatsegule ali panja. Amai ndi atsikana oyenda okha, ichi chikhale choyamba, ndipo pemphani chipinda chapafupi ndi risepishoni osati chakumapeto kumdima. Zonsezi ndi mamineti asanu basi.

Pobwerera ku risepishoni imani pakhonde mumvetsere. Ngati pali bala mkati mwa mpanda funsani kuti nyimbo amazimitsa nthawi yanji, makamaka Lachisanu ndi Loweruka kapena tsiku la mpira wa ku England. Ndipo ngati funso loyamba lomwe anakufunsani linali lakuti "ndi short time kapena mugona?", mwadziwa kale mtundu wa malo, zitseko zidzakhala zikumenyeka usiku wonse.

Za malaiti funsani ngakhale akuyaka pa nthawiyo. Amene anagona m'maloji mu 2024 madzi atachepa ku Kariba akukumbukira, malaiti amatha kupita pafupifupi tsiku lonse. "Tili ndi jenseti" si yankho lokwanira, funsani kuti amaiyatsa nthawi yanji ndipo amaizimitsa nthawi yanji, chifukwa ambiri amayatsa madzulo n'kuzimitsa cha m'ma 22 kusunga mafuta. Sola nayo nthawi zambiri imayatsa mababu ndi Wi-Fi basi, fani ndi giza ayi. Ndipo ngati madzi ndi a borehole, pampu yake imafuna malaiti omwewo, akapita thanki ikatha ndiye kwatha.

Mwakhutira, tsopano lembani m'buku. Adzafuna reji (chitupa chanu cha NRC), kapena pasipoti ngati ndinu ochokera kunja, alembe nambala n'kukubwezerani pomwepo. Musalole kuti reji igone mu drowa ya pa risepishoni, shifiti ikasintha mudzavutika kuipeza. Lipirani usiku umodzi kaye ngakhale mukhala masiku anayi, mawa mukadzuka bwino muonjezera, ndipo apa ndi pomwe mungapemphe kuti akuchotsereniko pang'ono. Nyamulani ndalama zing'onozing'ono, chibwerereni ma K500 ndi ma K200 atsopano mu 2025 nkhani ya "chenji mutenga mawa" yachuluka, ndipo mawa lake pamakhala munthu wina. Ngati chenji yatsaladi, ailembe kumbuyo kwa risiti ndi kusaina.

Risiti tengani nthawi zonse, yokhala ndi tsiku, nambala ya chipinda ndi chidindo. A ma workshop amene mukabweza ma risiti ku ofesi, onani ngati pali TPIN, nambala ya msonkho ya lojiyo, musanachoke, a akaunti sadzamva zoti loji inalibe buku. Chikwangwani chija cha "No Refund" chomwe amapachika kumbuyo kwa kauntala chisakuopseni kwambiri, lamulo la Competition and Consumer Protection la 2010 limaletsa zikwangwani zotere ndipo a CCPC, bungwe la boma loteteza ogula, amalandira madandaulo. Koma kunena zoona, pakati pa usiku simudzaitana CCPC, ndipo wa pa risepishoni alibe mphamvu yotsegula kabati ya ndalama popanda abwana. Chomwe chimatheka msanga ndi kusintha chipinda, ndiye pakavuta pemphani chimenecho kaye, modekha, ndalama muzikambirana m'mawa ndi manejala risiti ili m'manja.

Bulekifasi ngati ili mu mtengo funsani kuti ndi chani ndipo imayamba nthawi yanji. Kawirikawiri ndi tiyi, buledi magawo awiri ndi dzira limodzi, ndipo imayamba 07 pomwe inu basi yanu inanyamuka kalekale. Malo ena mukanena usiku amakukonzerani dzira lowiritsa ndi buledi mu pepala. Nthawi yotuluka ambiri ndi 10 koloko, mukafuna kusiya katundu mpaka masana nenani, amasunga kumbuyo kwa kauntala, koma laputopu ndi ndalama yendani nazo.

Munthu womaliza kumuona musanagone ndi alonda. Apatseni moni, auzeni nambala ya chipinda chanu ndi nthawi yomwe mukutuluka, funsani kuti geti amakiya nthawi yanji ndipo kiyi amasunga ndani. Mabasi a ku Lusaka amanyamuka kusanache, ndipo palibe chowawa ngati kuima ndi chikwama pa geti yokiya 04 koloko, taxi ikuliza hutala panja, alonda ali mtulo kuseri kwa thanki. Ine ndimawasiyira ya tiyi madzulo omwewo osati m'mawa, ndimatenga nambala yawo ya foni, ndipo wa taxi ndimamuuza abwere mamineti 30 nthawi yeniyeni isanakwane. Mwana wa achemwali uja anamusinthira chipinda usiku womwewo atapita kukapempha bwino, intavyu anapanga, tikudikira foni.