Kutunga mikanda pa phwando la ana

Mwana wanga wachisamba atakwanitsa zaka 7, kunyumba kwathu ku Kapata mu Chipata kunabwera ana 14. Ndalama yobwerekera jumping castle ndinalibe. Keke itatha, zitumbuwa zitatha, ndinayala mphasa pansi pa mtengo wa mango n'kutulutsa mikanda. Ana aja anakhala phee kwa ola lathunthu, ndi anyamata omwe. Kuchokera tsiku limenelo amayi anzanga a kumpingo amandiitana pa maphwando a ana awo, ndiye ndati ndilembe mmene ndimachitira.

Ntchito yaikulu imagwiridwa alendo asanafike. Ine ndimayamba kufufuza m'masitolo a ku Down Shops, zikasowa ndimapita ku Saturday Market. Gulani mikanda ya pulasitiki ya mabowo aakulu, yoti mwana apise ulusi popanda singano. Timikanda ting'onoting'ono tija amayi amatungira ya m'chiuno tisiyeni. Timafuna singano ndi maso a munthu wamkulu, ndipo mwana wa zaka 6 akalephera kupisa kawiri katatu amataya mtima n'kuyamba kulira. Pa zibangili gulani lasitiki woonda. Twaini ya mbedza musaigwiritse pa mkanda wa m'khosi, chifukwa siiduka. Mwana akakodwa mu nthambi akusewera, ndi bwino uduke ulusi kusiyana n'kuti umukoke khosi.

Mikanda imene ana amaikonda kwambiri si yogula ayi, ndi ya mapepala. Tengani kalendala yakale kapena magazini ya mapepala osalala aja. Dulani tizidutswa tosongoka ngati mkondo, kotambalala masentimita 2, kutalika masentimita 20 kapena kuposerapo. Yambani kukulunga kotambalalako pa kamtengo ka machesi kapena ka tsache, mukumangitsa ndi chala chachikulu, kuti nsonga ithere pakati penipeni. Pakani guluu pang'ono kunsongako, gwirani kaye, kenako sololani kamtengo. Katsala m'manja ndi kamkanda kotupa pamimba ngati njere ya mpunga yaikulu. Guluu akasowa, phala lopyapyala la ufa wa chinangwa limamata bwino ndithu. Ikauma ipakeni vanishi kapena kyutekisi wopanda mtundu kuti thukuta lisaifewetse. Iyi ndimakonzeratu kukadali masiku atatu, ndipo nthawi ya dzinja ndimawonjezera ena chifukwa imachedwa kuuma. Madzulo ndimakhala pakhonde ndi apongozi anga tikukulunga, iwo zala zawo n'zachangu kuposa zanga.

Njere nazo zimakongola. Za maungu zibooleni ndi singano zisanaumitsitse, chimanga chiviikeni usiku wonse kuti chifewe. Koma nsatsi zisafike pa mphasa ya ana ngakhale zili ndi mawangamawanga okongola, ndi poizoni. Chimodzimodzi tinjere ta kutchire tija tofiira piriwiri tokhala ndi kadontho kakuda. Tikabooledwa poizoni wake amatuluka, ndipo angathe kupha.

Tsiku la phwando, gawani mikanda m'thireyi ya mazira, mtundu uliwonse m'kabowo kake. Thireyi imodzi ana anayi kapena asanu, ndipo gulu lililonse likhale ndi munthu wamkulu, kaya ndi azakhali kaya mtsikana wa kusekondale. Dzanja la mwana pamene pamakhala chibangili n'pafupifupi masentimita 15, koma lasitiki dulani wa masentimita 30 kuti potsala mudzamangire. Mukokeni kangapo musanapereke, apo ayi chibangili chimadzakhwefuka mawa lake. Kumapeto kwake panani ndi pegi yoyanikira zovala. Pegi imeneyi musaiiwale. Tsiku loyamba lija ndinalibe nzeru imeneyi, ndipo mtsikana wina atangotsala pang'ono kumaliza ananyamula ulusi wake kuti aonetse anzake, mikanda yonse n'kuti mbwee pa mphasa. Analira zomvetsa chisoni mpaka ndinakhala naye pansi kuyambiranso.

Musawasankhire mitundu. Aonetseni kamodzi, awiri ofiira mmodzi woyera, awiri ofiira mmodzi woyera, basi asiyeni. Wina adzatunga wakuda yekhayekha, ndi wake umenewo. Anyamata amayamba ndi manyazi, amati izi n'za atsikana, koma ndikangoti ndani apanga cha mitundu ya mbendera ya Zambia, wobiriwira, wofiira, wakuda ndi wa olenji, amalimbirana thireyi. Phwando likagwa mu October pafupi ndi pa 24, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu, mitundu inayi imeneyi gulani yochuluka.

Ana osakwana zaka 3 asayandikire konse. Akhale kumsana kwa amayi awo kapena kutali ndi mphasa, chifukwa chilichonse chimene atola chimapita kukamwa. Pa phwando lina kamnyamata ka zaka 2 kanakankhira mkanda m'mphuno tonse tili pomwepo, ndipo tinathera kuchipatala. Zikachitika zotere musatokose ndi kamtengo kapena chala, mumangoukankhira mkati. Thamangani naye kwa adokotala.

Kumanga mfundo ndi ntchito yanu, osati ya mwana. Yesani kaye chibangili padzanja pake, chala chanu chimodzi chizilowa pansi. Mangani mfundo yoyamba, pa yachiwiri pisani nsonga kawiri musanakoke, kenako kokani mbali zonse mpaka ilimbe. Donthezani kyutekisi pamfundopo, dikirani aume, dulani zotsala n'kukokera mfundoyo m'bowo la mkanda woyandikana nayo kuti ibisike. Ana amakhala ali pamzere akuti "Anti, changa, changa!", choncho pakhale omanga awiri.

Wofulumira akamaliza ndimamufunsa kuti, "Nanga ambuya ako uwapangira chiyani?" Amabwerera pa mphasa yekha, ndipo amene akuchedwa amapeza mpata womaliza mosathamangitsidwa. N'chifukwa chake lasitiki ndimadula wowirikiza kawiri chiwerengero cha ana, wina wotalikirapo wa dzanja la munthu wamkulu.

Alendo akapita kutumulani mphasa pa chitenje, musese pabwalo musanatsegulire nkhuku, chifukwa zimatola mikanda ngati chimanga. Yotsala ndimaisunga m'botolo la chiponde lotsuka bwino, pamwamba pa kabati pamene kamng'ono wawo sangafikire.