Musanatumize linki ya zaulere, lembani kaye dziko lomwe ikugwira

Mwezi wathawu msuweni wanga wa ku Leicester ananditumizira linki yoti kampani ina ikugawa mafuta odzola aulere, kungolembetsa basi akutumizira. Ine ndinadzaza fomu yonse, dzina, imelo, tsiku lobadwa, mafunso ambirimbiri okhudza khungu langa, netiweki ikuvuta peji iliyonse kudikira, nde pofika kumapeto akufuna postcode ya ku UK ndipo pa mndandanda wa maiko Malawi palibepo. Bandulo inapita, imelo yanga anatenga, mpaka pano akunditumizirabe zotsatsa malonda. Msuweniyo sanachite dala, kwa iyeyo zinatheka nde ankaona ngati zitheka kwa aliyense. Koma akanangolemba kuti "UK yokha" ine sindikanayamba nkomwe.

Ambirife tili ndi abale ku Joni, ku Chipata, ku Tete, ku Harare, ena ku UK ndi ku America, ndipo meseji imodzi imazungulira kwa onsewa tsiku lomwelo. Nde tiyeni tigwirizane kachitidwe kake.

Musanatumize tsikani kaye pansi penipeni pa pejiyo pomwe pamakhala timalemba ting'onoting'ono ta malamulo. Simukuyenera kuwerenga zonse ayi, ingosakani mawu ngati "eligibility" kapena "residents". Za ku America zambiri zimalemba kuti "open to legal residents of the 50 United States and D.C.", apo nkhani yatha, olo m'bale wanu wa ku Canada sizikumukhudza. Za ku UK pena amalemba "UK mainland only" kutanthauza kuti ngakhale wokhala ku Northern Ireland akhoza kusatumiziridwa. Ngati malamulo sakuoneka tsegulani fomuyo osalemba kalikonse, pitani pomwe amafunsa dziko muone ngati lanu lilipo, muonenso pa nambala ya foni ngati anakhomerapo kale +1 kapena +44 kapena +27 moti simungasinthe kuika +265. Akafunsa ZIP code ya manambala 5 dziwani kuti ndi za ku America zimenezo.

Apa nde pofunika kufatsa, chifukwa kutseka kwake sikumakhala kwa mtundu umodzi. Ena amayang'ana komwe muli panthawiyo kudzera pa intaneti yomwe mwalumikiza, monga BBC iPlayer, imaonetsa kwa yemwe ali mu UK basi ndipo amafunanso kuti mukhale ndi laisensi ya TV. Ena sasamala komwe mwaima, amayang'ana dziko lomwe akaunti yanu inalembetsedwa, buku la Kindle limatha kukhala laulere pa amazon.co.uk koma pa amazon.com lili ndi mtengo, chimodzimodzi pa Play Store munthu ali ku Joni koma akaunti yake ikadali ya ku Malawi app ina osamuonekera pomwe mnzake wogona naye chipinda chimodzi ikumuonekera. Ena amatsekera pa adiresi yotumizira katundu, ena pa nambala yolandirira khodi, ena pa khadi. Za "mwezi woyamba waulere" zija zambiri zimafuna Visa kapena Mastercard, nde kwa munthu yemwe alibe khadi yotere, ndalama zake zimangokhala pa Mpamba kapena Airtel Money, chinthucho nchotseka ndithu olo dziko lake lili pa mndandanda. Lembani chomwe chikutsekacho, osangoti dziko, kuti munthu adziyeze yekha.

Kalembedwe kake nkosavuta. Dziko likhale poyambirira penipeni, mzere woyamba, linki ibwere kumapeto, poti anthu akangoona mawu oti ulere chala chimathamangira pa linki, zomwe mwalemba pansi pake sawerenga. Mwachitsanzo:

South Africa yokha, ikufuna nambala ya +27 ndi adiresi ya komweko, ikutha Lachisanu pa 14, ndayesa ndili ku Randburg yatheka.

Ine ndimalimbikitsa kulemba dzina lonse la dziko kusiyana ndi zilembo ziwiri zija, chifukwa zimasokoneza zedi. Ife timati SA kutanthauza South Africa, koma pa makhodi a maiko omwe makampani amagwiritsa ntchito SA ndi Saudi Arabia, South Africa ndi ZA. Ndiye ZA yomweyo wina wa ku Lusaka amaiona ngati Zambia, chonsecho Zambia ndi ZM, Zimbabwe ndi ZW, Mozambique ndi MZ. Malawi ndi MW, pomwe ML ndi Mali ndipo MY ndi Malaysia. Mukakopera zilembo pa peji ya kampani onetsetsani kaye kuti zikuimira dziko liti. Mbendera za emoji nazonso musadalire zokha, pa kompyuta zina sizioneka nkomwe, zimangotuluka zilembo.

Pali msampha wina womwe ndi wathuwathu. Malawi ndi Zambia tonse ndalama yathu ndi kwacha, nde meseji yoti "landirani K50 yaulere" siikuuza kanthu, K50 ya ku Zambia ndi ndalama yooneka poti iwo anachotsa maziro atatu mu 2013, pomwe K50 ya kuno olo mandasi sugula. Lembani MK kapena ZMW. Komanso Airtel ili ku Malawi, ku Zambia, ku Kenya, ku Uganda, ku Nigeria, mtundu wofiira womwewo, koma promoshoni ya dziko lina siigwira pa simu ya dziko lina. Chithunzi chikamayenda chopanda dzina la dziko agogo athu kumudzi amangokhalira kudina khodi yosagwira.

Mawu oti "dziko lonse lapansi" muziwasamala. Epic Games Store imagawa gemu yaulere sabata iliyonse ndipo anthu a maiko ambiri amatenga bwinobwino, koma pena gemu ina imakhala yosapezeka m'maiko ena. Nde ngati simunaone mndandanda lembani zomwe mukudziwa basi, "ndatenga ndili ku Mzuzu, kwina sindinayese". Zimenezo zimathandiza kuposa kulonjeza aliyense. Ngati simunayese nkomwe nenani kuti simunayese.

Nthawi nayo imayenda ndi dziko. Aku America polemba deti amayamba ndi mwezi, 3/4 kwa iwo ndi 4 Malichi osati 3 Epulo, nde lembani mwezi ndi mawu. Magemu a Epic aja amasintha Lachinayi 11 koloko m'mawa nthawi ya ku New York, kuno imakhala 5 koloko madzulo kapena 6 koloko kutengera nyengo poti iwo amasuntha mawotchi ife sitisuntha. UK nayo pena ili kumbuyo kwathu ndi ola limodzi pena awiri. Muikenso tsiku lomwe mwafufuza chifukwa mindandanda imasintha, Spotify inalibe Malawi, Zambia ndi Mozambique mpaka mu Febuluwale 2021, yemwe analemba kuti "kuno siigwira" mu 2020 ananena zoona panthawiyo koma pano ayi.

Za VPN, ija imachititsa kuti pa intaneti muzioneka ngati muli dziko lina, ndikudziwa ena muti bwanji osangoyatsa. Musalembe kuti chinthu nchotseguka kwa onse chifukwa choti inu munadutsira pa VPN. Malamulo a Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, amaletsa kubisa komwe mukukhala mwanjira imeneyo ndipo amanena kuti akhoza kutseka akaunti, nde mnzanu akataya magemu omwe anagula ndi ndalama zake chifukwa cha meseji yanu mudzamuuza chani? Komanso VPN siikupatsani adiresi ya ku London yolandirira katundu.

Mukalandira meseji kwa wina nkufuna kuipititsa, musadule mzere wa dziko uja, ndipo ngati unalibepo uikeni inuyo kapena mufunseni wotumizayo kuti ali kuti ndipo anayesa liti. Wina akakubwezerani kuti "kuno ku Tete yakana" bwererani kwa onse omwe munawatumizira muwauze kuti Mozambique ichotsedwe, makamaka ngati fomu yake imayamba yatenga imelo ndi nambala ya foni isanafunse dziko.