Hatchi yaikazi ikutulutsa mkaka koma ilibe bere: chitani izi

Musanayambe, konzani magolovesi, kapu yoyera, nsalu, madzi ozizira, choyezera kutentha kwa thupi, ndi munthu wogwira hatchiyo, chifukwa mawere akamapweteka imamenya mateche.

1. Dokotala wa ziweto atsimikize kaye kuti ilibedi bere. Hatchi ya bere ikayamba kudontha mkaka nthawi isanakwane, mwina chiberekero chili ndi matenda kapena muli ana awiri, ndipo bere lingachoke.

2. Gwirani mawere pang'onopang'ono. Finyirani madontho ochepa m'kapu, kamodzi kokha. Mawere otentha, olimba, otupa mbali imodzi, mkaka wamafinya kapena wamagazi, ndiponso thupi lotentha kupitirira madigiri 38.5, zikusonyeza matenda a mawere. Apa pakufunika mankhwala a dokotala tsiku lomwelo.

3. Ngati mawere ndi ofewa, osapweteka, musakame. Ambiri amalakwitsa pomwepa. Amaimvera chisoni n'kumaikama tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti kukamako kumauza thupi kuti lipange mkaka wina. Ingoikani nsalu yozizira ngati atupa, kenaka asiyeni.

4. Chepetsani chakudya chambewu, chotsani chilichonse chochita chuku, ndipo ichotseni pa msipu wodzaza clover, chomera chokhala ndi zinthu zofanana ndi homoni yachikazi ya estrogen, zomwe zingayambitse mkaka. Madzi akumwa musaimane.

5. Mkaka ukapitirira, makamaka pa hatchi yopitirira zaka 15, ya ubweya wautali wosathothoka ndiponso yomwa madzi kwambiri, iyezetseni magazi kuti aone kuchuluka kwa homoni yotchedwa ACTH. Angakhale matenda osokoneza mahomoni otchedwa Cushing, omwe dokotala amachepetsa ndi mankhwala otchedwa pergolide.