Muli ndi laisensi kale, mungakulitse bwanji luso loyendetsa galimoto kuno ku Mzuzu?

Mwafunsa chomwe mungachite poti laisensi muli nayo koma mtima umagundabe mukafika pamtsetse. Yambani ndi kupeza sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto yomwe ili ndi maphunziro a defensive driving (kuyendetsa mochenjera kuti mupewe ngozi), ndipo mufunse ku ofesi ya Road Traffic ngati ndi yovomerezeka musanalipire.

Kenako muuzeni mphunzitsi pomwe mumavutika, musabise.

Chachitatu, chomwe ine ndimachiona chachikulu, muphunzire kutsika mapiri. Msewu wa ku Nkhata Bay ndi wokhotakhota, ndipo pa Chiweta, panjira ya ku Karonga, ndiye poopsa zedi. Lowetsani giya yachiwiri kapena yachitatu musanayambe kutsetsereka, injini izigwira galimoto. Mukangoponda mabuleki osalekeza amatentha, mumamva fungo lopserera, kenako phazi limangolowa pansi galimoto osaima. Kuchotsa giya kuti musunge mafuta ayi ndithu, musayerekeze.

Mukatero pemphani kuti muyeserere mu nkhungu, monga ya ku Chikangawa. Yatsani magetsi apansi, chifukwa owala kwambiri amakubwererani m'maso. Siyani mpata wa masekondi atatu ndi galimoto yakutsogolo, ndipo kukamagwa mvula muonjezere kawiri.

M'tauni muno, makamaka cha kumsika ndi ku Katoto, zolowerani kuyang'ana pagalasi lakumanzere musanakhote, poti akabaza amatulukira komweko.

Mukamaliza tengani satifiketi yanu, imathandiza pofunsira ntchito ya udalaivala.